Mkazi Wobwereka wa a Mailosi

Florida anafika kwa a Mailosi ku St Mary's, komboni ya kufupi ndi Halale, mu Febuluwale 1978, ali ndi zaka khumi, katundu wake yense ali m'thumba la pilo. Inali nyumba yake yachinayi m'chaka chimodzi ndi theka.

Anabadwira pa famu ya fodya cha ku Centenary, makolo ake ochokera ku Dedza. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Nkhondo itavuta kuderalo mzungu anatseka famu, antchito anabalalika, ndipo bambo ake ananyamuka kukafuna ntchito kwina n'kumusiya kwa anansi. Sanabwerenso. Anansiwo nawonso posamuka anakamutula ku polisi, apolisi n'kumupereka kwa a Welofeya, ofesi yoona za ana opanda owasunga.

A Welofeya anayamba amuika kubanja lina kudera la Unit C. Anakhalako bwino miyezi inayi, mpaka khanda la m'nyumbamo linadwala chikuku, agogo ake a khandalo n'kunena kuti mwana wosadziwika mfunda wake amabwera ndi mizimu yachilendo. Kwachiwiri, mayi wa m'nyumbamo ankafuna wantchito, osati mwana. A Welofeya anamupeza Florida nthawi ya sukulu akuchapa matewera, mwana wina ali kumsana. Kwachitatu kunali kwabwino kuposa konse, kwa dalaivala wa basi. Koma mkazi wa dalaivalayo anathawa ndi kondakitala, ndipo lamulo linali loti mwana wamkazi sangakhale m'nyumba mopanda mayi. Tsiku limenelo Florida analira mpaka mawu kutha, ndipo lamulolo analisunga pamtima ngati vesi.

Amene ankayendetsa nkhani yake anali Mai Winifred, mayi wamtali wa magalasi. Iwowa anaganiza zoti ulendo uno ayese anthu a kwawo kwa mwanayo. Anafunsa ku tchalitchi cha Amalawi, ndipo abusa anatchula a Mailosi ndi akazi awo.

A Mailosi anali kuki wa azungu ku Marandellas zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, koma tsopano ankakonza mapulaimasi ndi kumata mapoto pamsika wa St Mary's. Akazi awo, Mai Easter, omwe iwo ankawaitana kuti Nachisale, ankaluka majuzi a ana a sukulu. Anakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi popanda mwana, ndipo zaka zonsezo ankayambana tsiku ndi tsiku. Nkhani yake inali imodzimodzi: a Mailosi sankatha kuona mkazi wawo akuphika iwo n'kukhala chete.

"Anyezi sadula choncho, Nachisale. Mukudula ngati mukuwaza nkhuni."

"Pitani kwa azungu anu mukawadulire! Anakusiyirani chiyani kupatula chipewa choyera chija makoswe anaswera m'kati?"

Anansi anazolowera. Tsiku likadutsa mwazii, ankabwera kudzafunsa ngati kuli matenda.

Tsiku loyamba, Mai Winifred atangochoka, Florida anazungulira nyumba yonse manja ali kumbuyo. Anayang'ana zipinda ziwirizo, anakweza bulangete n'kulinunkhiza, anasuzumira m'chimbudzi. Kenako anaima pakati pa eni nyumba n'kuyamba kuwalangiza.

"Mayi aja adzabwera pakatha mwezi, kenako pakatha miyezi itatu. Amayamba kugwira bulangete ngati lili louma. Amandiyang'ana m'mutu ndi m'kamwa. Amafunsa kuti dzulo ndadya chiyani. Musamandiuze kuti ndinene nyama, amadziwa. Ndipo iwo alipo musamayambane. Vanonyora. Amalemba zonse."

"Ife sitiyambana, mwanawe," anatero a Mailosi. "Timangokambirana."

"Amene amayambana ndi awa," anatero Mai Easter akuloza mwamuna wawo ndi singano yolukira.

"Ine? Wayamba ndani m'mawa uja pa nkhani ya phala?"

"Ndi zimenezo ndikunenazi," anatero Florida.

Maulendo awiri oyendera anadutsa bwino. Mai Winifred akabwera ankapeza awiriwo atakhala pampando umodzi ngati chithunzi cha ukwati, a Mailosi atavala jekete, milomo atailuma. Tsiku lina Mai Easter anathira tiyi asanapsye bwino, a Mailosi anayamba kutsegula pakamwa, Florida anangotsokomola, iwo n'kusandutsa mawuwo kukhala nyimbo ya m'buku. Mai Winifred analemba kuti bamboyo ndi wokonda kupemphera.

Mwanayo anayamba Giredi 4, masaya anatuluka. Mai Easter anamulukira juzi yofiira yomwe sankafuna kuivula ngakhale kutentha. A Mailosi ankamutengera malalanje pochokera kumsika, n'kumamuuza nkhani za maphwando a azungu, za nkhuku yophika ndi vinyo, Mai Easter akuseka monyoza kuchipinda.

Zinthu zinasokonekera mu Sepitembala. Kutchalitchi kunkabwera mbusa wochokera ku Malawi, ndipo amayi a Mvano anagawana zophika. Mai Easter anapatsidwa masikono. Anaphika Loweruka m'mawa, n'kuwatsekera m'chitini, masana n'kupita kokonzekera nyimbo. A Mailosi atatsala okha anatsegula chitinicho, anatenga sikono limodzi, analiluma, anagwira dzino. Analigwetsa pansi dala, linagudubuzika mpaka kukhomo osathothoka n'kanyenyeswa komwe.

"Zimenezi zikafike pakamwa pa mbusa wochokera kumudzi?" anatero. "Dzina langa lili pamenepa."

Anavula jekete, anayatsa mbaula, anaphika masikono ena makumi atatu n'kuwaika m'chitini momwemo. Masikono a mkazi wawo aja anawathira m'thumba la zida zawo.

Lamlungu mapemphero atatha anthu anakhala pamthunzi kumwa tiyi. Mlendo uja analuma sikono, anatsinzina, anatenga lachiwiri.

"Mayi amene waphika awa aimirire tiwaone."

Mai Easter anaimirira, akudabwa pang'ono koma akumwetulira, amayi anzawo akululutira. A Mailosi anapirira. Anayang'ana nsapato zawo. Koma mbusa anapitiriza kunena kuti luso lotere saphunzira, munthu amachita kubadwa nalo, ndipo anafunsa chinsinsi chake. Mai Easter asanayankhe, dzanja la a Mailosi linakwera lokha.

"Abusa, chinsinsi chake n'kusakanda ufa. Ine ndimangoutekenya ndi nsonga za zala, ndipo majarini akhale ozizira."

Kunangoti zii. Wina anaseka kumbuyo, kenako onse.

Kunyumba Mai Easter sanakuwe, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa Florida. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Anga aja ali kuti?"

"Ndawasunga bwino, Nachisale."

"Kuti?"

"Ambiri ali m'thumba. Limodzi ndatchingira chitseko cha kuchimbudzi, chimangotseguka chija."

Lolemba m'mawa Mai Easter analongedza sutukesi kupita kwa mng'ono wawo Emmie ku Unit N, ku Seke. Sikanali koyamba. Pafupifupi chaka chilichonse ankachoka choncho, n'kukhala sabata imodzi, mwamuna wawo n'kukapepesa, iwo n'kubwerera atanenepa. Anansi ankati Mai Easter apita kutchuthi. Pachipata anamugwira Florida paphewa.

"Iwe sindikukusiya ayi. Ndikungofuna nkhalamba iyi idye luso lake yokha masiku angapo. Uzivala juzi m'mawa."

Florida anaima pachipata mpaka sutukesi inakhota pakona.

Lachiwiri kunabwera kalata ya envelopu yakhaki. A Mailosi maso anali atayamba kuvuta, choncho anawerenga ndi Florida. A Welofeya ankati adzayendera nyumbayo Lachinayi nthawi ya 10 koloko m'mawa. Mai Winifred anali patchuthi, ndipo m'malo mwawo kudzabwera ofesala watsopano, Bambo Cyprian.

"Akapeza mulibe amayi anditenga," anatero Florida. "Tsiku lomwelo. Kwa adalaivala kuja sanandilole n'komwe kutsanzika kusukulu."

"Usade nkhawa. Mawa ndikawatenga."

Lachitatu a Mailosi anavala jekete ndi tayi, anakwera basi ya ku Seke. Koma ku Unit N, komwe Emmie anali atangosamukira, anali atapitako kamodzi kokha, chaka chatha, nyumbazo zikumangidwa kumene. Nambala sanaisunge. Ankakumbukira kuti pakhomo pa Emmie panali mulu wa mchenga. Atatsika basi anapeza mizere ya nyumba zofanana ngati mazira, zopanda mtengo, zopanda mpanda, ndipo mchenga unalipo pakhomo paliponse kapena kulibe n'komwe. Anayenda mzere woyamba, wachiwiri, wachisanu. Dzuwa lili pamutu anaona nyumba ya katani yachikasu, pachingwe pali juzi yolukidwa ngati mmene amalukira Nachisale. Anagogoda. M'kati munamveka kusuntha, koma chitseko sichinatseguke.

"Ndikudziwa muli momo," anatero a Mailosi atavula chipewa. "Musatsegule ngati simukufuna. Ndabwera kudzanena kuti ndinalakwa. Ndinakuchititsani manyazi pamaso pa mpingo. Ndine munthu wa pakamwa. Chiyambire kukutengani sindinakuuzeni kuti nyemba zanu zimakoma, koma zimakoma. Nyumba ija popanda inu ndi khola."

Anapitiriza nthawi yaitali ndithu. Kenako chitseko chinatseguka, n'kutuluka mayi wamkulu thupi yemwe sanamuonepo chibadwire, akupukuta misozi ndi epuloni.

"Baba, handina kunzwa zvese, asi zvandibata," anatero mayiyo m'Chishona. Sanamve zonse, koma zinamukhudza. Anati mwamuna wake sanayambe walankhulapo choncho, ndipo akanakonda abwerenso Loweruka adzanene mawu omwewo mwamunayo alipo. Atamufunsa za Emmie, mayiyo anati samudziwa.

A Mailosi anabwerera ku St Mary's madzulo, nsapato zili fumbi lokhalokha. Florida atangowaona ali okha analowa m'chipinda. Patapita kanthawi anatuluka.

"Bambo Cyprian aja nkhope ya amayi saidziwa," anatero.

"Ndiye?"

"Mai Esnath ali ndi msinkhu womwewo."

Mai Esnath anali mnansi wa kuseri kwa khoma, mayi wamasiye wa Chishona wogulitsa masamba, wokonda kuseka ndi kuonera za eni.

"Iwe mwana! Ine ndine dikoni. Ukufuna ndibwereke mkazi ngati wilibala?"

Florida sanatsutse. Anakatenga thumba lake la pilo, analiyala patebulo, n'kuyamba kupinda madiresi ake imodziimodzi. Atafika pa juzi yofiira ija, a Mailosi anadzuka n'kukagogoda kwa Mai Esnath.

Mai Esnath anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anavomera. Vuto linali limodzi: Chichewa sankachidziwa, kupatula "zikomo" ndi mawu ochepa amene ankawamva kudzera pakhoma kwa zaka khumi ndi ziwiri, omwe sanali oyenera pamaso pa alendo. Florida anati zilibe kanthu, a Welofeya onse amalankhula Chishona ndi Chingerezi. Anawaphunzitsa kuti dzina lawo ndi Easter, kwawo ndi ku Ntcheu, makapu amakhala m'kabati ya kumanzere.

Lachinayi m'mawa a Mailosi anaphika masikono a mlendo. Mai Esnath anabwera 8 koloko, anatsegula wadiropu ya Mai Easter, anasankha diresi ya buluu ya paukwati ndi duku latsopano. Anadziyang'ana pagalasi, zinawakomera, anatuluka kukasesa pabwalo kuti azolowere. Anasesa mpaka kumsewu. Mayi wina wa Mvano amene ankapita kukakwera basi ya ku Seke anaima, anayang'ana diresi ija, n'kufulumiza mapazi.

Bambo Cyprian anafika pa njinga yamoto yaing'ono, mnyamata wochepa thupi wongomaliza kumene maphunziro, chikwama cha mapepala ali nacho m'khwapa. Anavula chisoti, anawerama mwaulemu.

"Odi kuno! Mwadzuka bwanji, bambo? Mwadzuka bwanji, mayi? Nditaona m'failo kuti ndinu a kumudzi ndinasangalala kwambiri. Makolo anga ndi a ku Mulanje, ndinakulira pamgodi ku Shamva. Lero ndilankhula chathu mpaka kukhuta."

Mai Esnath anamwetulira kwambiri n'kunena kuti, "Zikomo."

"Mayi, ku Ntcheu kwake ndi kuti? Azakhali anga anakwatiwa kwa Ganya."

"Zikomo," anatero Mai Esnath.

"Amayi dzino likuwawa," anatero Florida msangamsanga. "Kuyambira dzulo. Sakutha kulankhula." Anathamangira m'nyumba, anatenga thaulo n'kuwamanga Mai Esnath kuyambira kuchibwano mpaka pamutu. Mai Esnath anagwira tsaya n'kubuula mwaluso kwambiri moti Bambo Cyprian anawalangiza za madzi a mchere.

Zinayamba kuyenda. Bulangete linali louma. M'mutu mwa Florida munalibe nsabwe. Makope a kusukulu anali ndi machongi ambiri. Bambo Cyprian analemba tsamba lathunthu, anakhala pansi, Mai Esnath n'kuyamba kufuna makapu m'kabati ya kumanja.

Pamenepo chipata chinamenyetsedwa. Mai Easter analowa opanda odi, opanda sutukesi, duku lili pambali, akupuma ngati athamanga kuchokera ku Seke wapansi. Mayi wa Mvano uja anali atakawatsina khutu. Anaona mwamuna wawo, anaona diresi yawo ya buluu ili pathupi pa Mai Esnath. Anakoka mpweya wonse wa m'chipindamo kuti ayambe.

Kenako anaona chikwama patebulo, cholembera m'manja mwa mlendo, ndi nkhope ya Florida. Milomo ya mwanayo inali itauma. Mai Easter anameza zonse zimene zinali pakhosi.

"Awa ndi ndani?" anafunsa Bambo Cyprian.

"Ndine mlongo wawo wa awa," anatero Mai Easter akuloza a Mailosi, mawu akutuluka ngati akuwakoka ndi chingwe. "Ndabwera kudzaona alamu anga. Ndamva kuti akudwala." Anayang'ana thaulo lija. "Dzino, eti? Lingathe kuchoka lero lomwe."

Anakhala pampando wa pakona, manja atapinda. Mai Esnath anabweretsa tiyi.

"Makapu a alendo si amenewo, alamu," anatero Mai Easter. "Mwaiwala za m'nyumba mwanu momwe?"

Bambo Cyprian anatsegula tsamba lina. "Tsopano mafunso a m'banja. Mayi, mungogwedeza mutu. M'nyumba muno mumakhala mwamtendere?"

Mai Esnath anayang'ana Florida, Florida anagwedeza pang'ono, iwo n'kugwedeza kwambiri.

"Chikwatirane sitinakwezeranepo mawu," anawonjezera a Mailosi. Kupakona kunamveka chifuwa.

"Bambo amakuthandizani ntchito za pakhomo?"

Mai Esnath anagwedezanso.

"Amathandiza mpaka kupitirira," anatero Mai Easter. "Achimwene angawa ndimawadziwa."

Bambo Cyprian anaseka, anatenga sikono m'mbale, analuma. Anasiya kulemba. "Koma izi! Chibadwire sindinadye sikono lotere. Waphika ndani?"

Funso lomweli ndi limene linawapasulira banja a Mailosi Lamlungu, ndipo anali atalumbira mumtima kuti sadzabwerezanso. Anatambasula dzanja mwaulemu n'kuloza Mai Esnath.

"Akazi angawa. Pa nkhani ya kuphika palibe wowaposa mu St Mary's muno. Ine ndimangophunzira kwa iwo."

"Zikomo," anatero Mai Esnath kudzera m'thaulo, akuwerama monyada.

Mpando wa pakona unagwa.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi!" anakuwa Mai Easter. "Zaka zonsezi ndikudikira mawu amenewo pakamwa panu, lero mwawatulutsa n'kupatsa Esnath wa masamba? Atavala diresi yanga? Inu a Mailosi, mkazi wanu ndi uti m'nyumba muno?"

"Nachisale, khalani pansi, mwana..."

"Ndipo iwe, vula duku langa!"

Mai Esnath anaona singano yolukira ikubwera. Anakoka thaulo lija, ndipo pofuna kudziteteza anatulutsa Chichewa chokhacho chimene chinawabwerera m'mutu.

"Pitani kwa azungu anu!" anakuwa, n'kuthawira kukhomo diresi ya eni ili pathupi.

Bambo Cyprian anaika sikono m'mbale, anatseka failo, n'kupempha kuti alankhule ndi Florida panja.

Anakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. Florida anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira Loweruka, osabisa kanthu. Anati nzeru yobwereka mkazi inali yake.

"Ukudziwa kuti ndiyenera kulemba zimenezi?"

"Ndikudziwa."

"Amakumenya?"

"Ayi."

"Ukufuna kukhala kuno?"

Florida anayang'ana pansi. "Kufuna kwanga sikulowa m'failo," anatero.

Inali sabata yachiwiri ya mnyamatayo pantchito, ndipo buku la malamulo linali lomveka: olera mwana akanamiza ofesala, mwana achotsedwe kaye mpaka nkhani iunikidwe. Mawa lake kunabwera galimoto n'kumutengera Florida kunyumba ya ana ya masisitere ku Halale. Sanalire. Mai Easter ndi amene anathamangira galimotoyo mpaka pakona, atanyamula juzi ina yomwe inali isanathe mkono umodzi.

Masiku awiri otsatira m'nyumbamo munalibe mawu. Anansi anabwera kudzafunsa ngati kuli matenda, n'kubwerera atamva. Mai Esnath anabweza diresi atachapa ndi kusita, pamodzi ndi mtolo wa repu, n'kuzisiya pakhomo osagogoda.

Lolemba awiriwo anakwera basi yoyamba kupita ku ofesi ya a Welofeya. Anauzidwa kuti mkulu wake, dona wina wa imvi, ndi wotanganidwa. Anakhala pabenchi mpaka ofesi kutseka. Lachiwiri anabweranso, Mai Easter ndi zolukira zawo, a Mailosi ndi pulaimasi ya kasitomala yomwe ankaikonza pabenchi pomwepo. Lachitatu mesenjala anawabweretsera pulaimasi yake. Lachisanu dona uja anatopa ndi fungo la parafini, anauza Bambo Cyprian kuti akamutenge mwanayo ndipo awalowetse onse.

Bambo Cyprian ndi amene ankamasulira. Dona anavala magalasi n'kufunsa kuti wolakwa pankhaniyi ndani.

"Ndine, dona," anatero a Mailosi. "Ndinanyozetsa mkazi wanga, ndiye anachoka. Ndinabwereka mkazi wina. Mwanayu alibe mlandu."

"Akunama," anatero Mai Easter. "Wolakwa ndine. Ndinasiya mwana chifukwa cha masikono. Mayi weniweni sachita zimenezo."

"Nachisale, musandilande. Amene anayambitsa ndine."

"Mwayambitsa chiyani inu? Ndikanakhala pakhomo bwenzi Esnath atalowa?"

"Ndikanatseka pakamwa bwenzi mutachoka?"

"Pakamwa panupo panatsekekapo liti? Ine ndimapadziwa, ndinayenera kupirira!"

"Ndiye mukuti ngakhale kulakwa sinditha?"

Bambo Cyprian anayesa kumasulira, anatsalira m'mbuyo, anasiya. Dona anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, anafunsa kuti akukangana chiyani. Atauzidwa kuti akulimbirana mlandu, anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Kenako anatembenukira kwa Florida, yemwe anakhala pampando wa pambali atavala yunifolomu ya kwa masisitere, n'kumufunsa ngati phokoso lotere silimuopsa.

Florida anaganiza kaye. Anayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti Bambo Cyprian amasulire bwino.

"Ku Unit C sankakuwa. Ankanong'ona kuchipinda, ndikalowa n'kusiya. Kwa adalaivala ankanong'onanso. Anthu akayamba kunong'ona ndimadziwa kuti ndikupita. Awa sanong'ona. Zonse ndimamva, ndipo sindinamvepo akukangana zoti ine ndichoke. Amakangana za anyezi."

Dona analemba nthawi yaitali. Atamaliza anawerenga chigamulo. Mwana abwerere ku St Mary's. Bambo Cyprian aziyendera mwezi uliwonse, osadziwitsa tsiku. Ndipo Mai Easter asagone kunja kwa nyumbayo popanda kudziwitsa ofesi, apo ayi nkhani yathera pomwepo. Anawafunsa ngati amva.

"Ndamva," anatero Mai Easter. "Koma ndifunse. Lamulo likuti m'nyumba musasowe mayi. Za bambo likuti chiyani?"

Bambo Cyprian anatsegula buku, anafufuza, anati silikunenapo kanthu.

"Chabwino," anatero Mai Easter.

Florida anakhala m'nyumba imeneyo zaka zisanu ndi zitatu, mpaka pamene anapita kukaphunzira unamwino. Mai Easter sanapitenso kutchuthi ku Unit N. Mkangano ukakula, amene ankalongedza anali a Mailosi. Ankatenga bulangete ndi thumba la zida n'kukakhala kwa mnzawo Kefasi, telala wa kuseri kwa msika, komwe ankadandaula kwa aliyense wobwera kudzayesa thalauza kuti boma linawagulitsa.

Ulendo woyamba anakhalako masiku awiri. Tsiku lachitatu masana Florida pochokera kusukulu anawapeza atakhala pakhonde la Kefasi, akuthandiza kusoka mabatani.

"Amayi akuti denga la kukhitchini likudontha, mubwere mudzakonze."

"Anena kuti ndibwerere?"

"Anena kuti denga likudontha."

A Mailosi anayang'ana kumwamba. Kunali kopanda mtambo ngakhale umodzi, ndipo mvula inali isanagwe chiyambire Epulo. Anabweza singano kwa Kefasi, anapinda bulangete lawo, Florida n'kuwanyamulira thumba la zida.